Mtengo wa pa lamya si mtengo wa pakhomo

Alimi anzanga, lero ndati ndikambe za kalamya kam'manja kamene ambirife tikuyenda nako m'thumba. Nkhaniyi yakhala ikundidya mumtima kuyambira mwezi wa June, pamene ndidagula katundu ndili khale pakhonde panga kuno ku mapiri a Dedza, n'kumadzitama kuti ndapulumutsa ndalama.

Ndili ndi njinga yamoto yokalamba imene imandinyamulira matumba a kachewere kuchokera kudimba kukafika kumsewu wa tala. Lole sifika kwathu. Msewu wake ndi wa miyala ndi zigwembe, ndipo mlatho wa pakamtsinje ndi wa mitengo. Tsono mwezi umenewo tcheni cha njingayo chidaduka, sipuloketi idali itatha mano, nalonso tayala lakumbuyo lidali litasalala ngati chipande. Apo n'kuti kachewere nditakumba kale, ndipo wogula wa ku Blantyre atandiuza kuti lole yake idzaima pamsewu Lachinayi m'mawa.

Ndikukonzeka ulendo wa ku Lilongwe, mdzukulu wanga adandiletsa. "Agogo, mukavutikiranji m'minibasi? Zonsezi zili mulamyamu." Pasadathe ola adandipezera mitengo itatu. Woyamba udali wa sitolo yodziwika ya ku Lilongwe, yopereka lisiti la makina. Wachiwiri udali wa mnyamata wina wa mumzinda womwewo amene amatsatsa malonda ake pa WhatsApp ndi pa Facebook. Iye adanena mosabisa kuti mtengo wake ndi wotsika chifukwa "mulibe za msonkho". Wachitatu udali wa munthu wa ku Ulongwe, tsidya lino la Mozambique, amene adati katundu angathe kumufikitsa pamalire ndi njinga tsiku lomwelo. Kusiyana kwa mtengo woyamba ndi wachiwiri kudali kokwana pafupifupi theka la thumba la kachewere. Ndani wa ife angataye theka la thumba chifukwa cha kapepala? Ndidasankha mnyamata wa pa WhatsApp.

Ndalama ndidatumiza Lolemba. Wothandiza kutumiza ndalama pamsika adadulapo yake. Mnyamata uja adati ndiwonjezere ya kabaza wokasiya katundu kudepoti, kenaka ya kondakitala wa minibasi. Ndidawonjezera. Lachiwiri ndidakhala pa siteji kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka, mphepo ya June ikundilowa m'mafupa, minibasi osaoneka. Kondakitala adaiwala, katundu adapitirira naye ku Ntcheu. Adabwera naye Lachitatu madzulo, n'kufunanso "ya sopo" chifukwa chomusunga. Titamasula katoni tidapeza kuti tayala ndi lenileni, koma tcheni ndi sipuloketi si za njinga yanga. Nditaimba lamya, mnyamata adati nditumize zinthuzo ndi ndalama yanga kuti akasinthe. Tsiku lotsatira nambala yake idasiya kupezeka.

Lole ya Lachinayi idanyamula kachewere wa anzanga. Wanga ndidatuta ndi ngolo yobwereka patapita masiku anayi, n'kugulitsa kwa mavenda a pamsewu pamtengo umene iwo adafuna. Mayi a kunyumba sadanene zambiri. Adangofunsa kuti, "Nanga theka la thumba mumapulumutsa lija lili kuti, bambo?"

Sindikulemba izi kuti mundimvere chisoni, kapena kuti mutaye malamya anu. Ambiri mwa achinyamata ogulitsa pa lamya ndi okhulupirika, ndipo ine ndemwe ndimagulitsa kachewere wanga kudzera pa lamya yomweyo. Chimene ndikufuna tione ndi zinthu ziwiri zimene zidandikankhira kwa mnyamata uja ndisanaganize n'komwe: msonkho, ndi malo amene ndimakhala.

Tiyambe ndi msonkho. Akuluakulu akukumbukira kuti kale tinkautcha surtax. Mu 2002 boma lidaufikitsa kwa ogulitsa m'masitolo, ndipo mu 2005 udasintha dzina n'kukhala VAT. Kwa zaka zambiri udali pa K16.50 pa K100 iliyonse, ndipo kumapeto kwa 2025 boma lidalengeza zoukweza kufika pa K17.50. Ndiye kuti katundu amene mwini sitolo akadagulitsa K100,000, pamtengo watsopanowu wogula amalipira K117,500. Amene amatolera ndi bungwe la MRA, kudzera mwa amalonda akuluakulu amene adalembetsa. Ndiwo aja adayamba kupereka malisiti a makina mu 2014. Wamalonda wamng'ono amene sadafike pa mlingo wolembetsa sawonjezera msonkhowu pamtengo wake, ndipo sikuti akuphwanya lamulo. Koma palinso ena akuluakulu ndithu amene amabisala kuseri kwa lamya kuti asaoneke, ena n'kumagulitsa katundu wolowa m'dziko mozemba. Wogula ali kuno ku Dedza sangasiyanitse.

Apa pali chinthu chimene alimi ambiri sitidziwa. Kampani yolembetsa ikagula katundu wogwiritsa ntchito pa bizinesi yake, msonkho umene yalipira imauchotsera pa umene yatolera kwa makasitomala. Mlimi wamng'ono alibe mwayi umenewo. Feteleza alibe VAT, zoona, ndipo kachewere, nyemba ndi kabichi zathu timagulitsa popanda msonkhowu. Koma tayala la njinga, malata a nkhokwe, simenti, batire ndi lamya yeniyeniyo, zonsezi timalipira msonkho wathunthu ndipo palibe amatibwezera. Kwa mwini kampani lisiti ndi ndalama. Kwa ine ndi inu limaoneka ngati kapepala kokulungira fodya. Nanga tidabwe kuti mlimi akamva zoti "mulibe za msonkho" makutu ake amaima?

Khalidwe limeneli si la aMalawi okha. Ku America dera lililonse limaika msonkho wakewake wa pamalonda, ndipo madera ena monga Oregon ndi Delaware alibiretu. Kwa zaka zambiri lamulo la kumeneko linkati wogulitsa amene alibe sitolo kapena ofesi m'dera lanu sangakakamizidwe kukudulani msonkho wa deralo. Mu 2000 katswiri wa zachuma Austan Goolsbee wa pa yunivesite ya Chicago adapeza kuti anthu okhala kumene msonkho uli wokwera ndi amene ankathamangira kwambiri kugula pa intaneti. Eni masitolo a m'matauni adalira kwa nthawi yaitali kuti akupikisana ndi anthu osalipira msonkho, mpaka mu 2018 bwalo lalikulu la dzikolo, pamlandu wa dera la South Dakota ndi kampani ya Wayfair, lidagamula kuti ogulitsa pa intaneti nawonso angathe kulamulidwa kutolera. Maiko a mgwirizano wa ku Ulaya adachita zofanana mu 2021: adathetsa mwayi wolowetsa timaphukusi totsika mtengo popanda VAT. Munthu kulikonse ali ngati madzi, amatsata kumene kwatsetsereka.

Koma mzungu wa ku Chicago akagula, galimoto imadzamusiyira katundu pakhomo, chifukwa nyumba yake ili ndi nambala ndipo msewu wake uli ndi dzina. Apa ndi pamene nkhani yathu ikusiyana ndi yawo.

Kuchokera pa boma la Dedza kukafika ku Lilongwe ndi makilomita pafupifupi 85, ndipo amenewo ndi a pamsewu wa M1 okha. Ambirife sitikhala m'mbali mwa M1. Munthu wa ku Mayani, wa ku Lobi, wa kuseri kwa Bembeke, kapena wa kumunsi kwa chitunda cha Golomoti ali ndi ulendo wina wachiwiri, ndipo nthawi ya dzinja ulendo wachiwiriwo ndiye wautali koposa. Keyala yathu ndi yakuti, "mukatsike pa siteji yakuti, mukafunse pagolosale yobiriwira, mwana akakulondolerani." Makampani onyamula maphukusi amathera m'matauni. Kupitirira apo katundu ali m'manja mwa kondakitala, wa kabaza, ndi Mulungu. Lamya yafupikitsa ulendo wa maso. Ndimaona katundu wa ku Lilongwe, wa ku Johannesburg, ngakhale wa ku China ndili pakhonde. Koma tayala silidutsa mumlengalenga. Liyenera kukwera chitunda cha Linthipe monga linkachitira nthawi ya makolo athu.

Tsono mlimi wakumudzi amalipira misonkho iwiri. Wina amatenga ndi boma. Winawo alibe ofesi kapena lisiti, amatenga ndi mtunda: ya kabaza, ya kondakitala, ya sopo, tsiku lathunthu lotayika pa siteji, ndiponso chiopsezo chakuti chikabwera cholakwika simungachibweze. Munthu wa ku Area 25 akalandira tcheni cholakwika amakwera minibasi imodzi n'kukagwira wogulitsa pamkono. Ine kuti ndichite zimenezo ndiyenera kuwononga ndalama yoposa mtengo wa tchenicho. Ogulitsa achinyengo amadziwa zimenezi, n'chifukwa chake katundu wokanika m'tauni amamutumiza kumudzi. Ngakhale kunja komwe, akatswiri amene adafufuza malonda a pa eBay ndi MercadoLibre mu 2009 adapeza kuti anthu amakondabe kugula kwa wogulitsa wa mumzinda mwawo, ngakhale dziko lonse lili pamaso pawo. Chifukwa chake n'chodziwikiratu: munthu amafuna wogulitsa amene angamupeze zinthu zikavuta.

Mwina wina afunsa kuti, bwanji osangogula pa sitolo yapafupi? Funso labwino. Yendani m'misika yathu ya Chimbiya, Thete kapena Linthipe, muone. Sopo, mchere, shuga ndi zitenje zilipo zambiri. Koma chitsulo cha saizi yakutiyakuti, kapena mbewu ya kabichi ya mtundu umene mukufuna, kawirikawiri mumauzidwa kuti "tiitanitsa". Achikulire akukumbukira kuti m'zaka za m'ma 1970 boma la Kamuzu Banda lidalamula amwenye kuti achoke m'misika ya kumidzi akachite malonda m'mizinda. Cholinga chidali chakuti eni dziko atenge malondawo, koma ambiri adalibe mpamba, ndipo masitolo ena adangokhala mabwinja amene mpaka lero tikuwaona. Kuyambira pamenepo katundu wolemera adakhazikika m'tauni. Lamya yangotipatsa zenera loonera m'masitolo a kutaliwo.

Ndiye pali mtengo wachitatu uja, wa ku Ulongwe. Wolemba malamulo ali ku Capital Hill akamva za Mozambique amaganiza za dziko lakutali lofuna pasipoti. Kwa ife ndi tsidya la msewu. Malire adalembedwa ndi Angelezi ndi Apwitikizi mu 1891, ndipo pakati pa Dedza ndi Ntcheu msewu wa M1 umayenda m'malire enieniwo. Pa Lizulu munthu amagula tomato m'Malawi n'kuwoloka msewu kukamwa tiyi ku Mozambique. Angoni athu adachokera ku Domwe, m'boma la Angonia. Nthawi ya nkhondo, mpaka pamene adasainirana za mtendere mu 1992, abale a tsidyalo tidakhala nawo m'midzi mwathu muno, tidakwatirana, ndipo maliro timaika limodzi. Kwa munthu wa pa boma la Dedza, ku Ulongwe n'kufupi kuposa ku Lilongwe. Kale kuti udziwe mtengo wa kumeneko unkayenera kupalasa njinga. Lero mlamu wako amangojambula katundu ndi mtengo wake n'kukutumizira. Mozambique idatsitsa msonkho wake wa pamalonda kuchoka pa 17 kufika pa 16 pa 100 iliyonse mu 2023, ndipo ili ndi madoko akeake monga Beira ndi Nacala, pamene katundu wathu amayamba wadutsa m'dziko la eni asanatipeze.

Amene akukayika kuti msonkho umasuntha ogula akumbukire za mafuta ophikira. Mu 2020 boma lidaika VAT pa mafutawa. Mitengo idakwera, makampani oyenga mafuta m'dziko muno adadandaula poyera kuti malonda awo alowa pansi chifukwa cha mafuta olowa mozemba, ndipo ife a m'malire tidaona ndi maso athu zigubu zikutsika m'tinjira tam'mapiri mbandakucha. Mu 2022 boma lidachotsa msonkhowo. Zomwezo ndi njinga zamoto zopanda manambala zimene zadzaza m'misika yathu. Aliyense akudziwa kumene zambiri zidachokera. Mtengo ukasiyana kwambiri pakati pa mbali ziwiri za msewu umodzi, palibe chiwerengero cha asilikali chimene chingatseke njira zonse za m'mapiri a Dedza.

Pamenepa ndisamveke molakwa. Kuzembetsa katundu ndi mlandu. Akakugwira amakulanda katundu, n'kukulipiritsa chindapusa, ndipo ena ataya mpamba wa chaka chonse usiku umodzi. Chipata chovomerezeka chilipo pa Dedza, moyang'anana ndi Calomue, ndipo wofuna kugona tulo adzere pamenepo. Sindikunenanso kuti msonkho ndi woipa. Mankhwala a m'chipatala, choko cha kusukulu ndi mlatho umene ndikuulirawu sizigwa ngati mvula. Ndimamumvera chisoni mwini sitolo wa pa boma amene amalipira lendi, chiphaso cha khonsolo ndi VAT, kenaka kasitomala amalowa, kugwiragwira katundu, kufunsa saizi, n'kutuluka kukagula kwa munthu wa pa lamya amene salipira chilichonse. Sitolo imeneyo ikatsekedwa, amene tidzalire ndife tomwe.

Pa mbewu ndi mankhwala a mbewu ndiye ndikuchenjezeni kwambiri. Tcheni cholakwika umachiona tsiku lomwelo. Mankhwala achinyengo opopera kachewere umawadziwa chiwawu chitatentha kale munda wonse, ndipo mbewu ya chimanga yopakidwa utoto umaidziwa mvula yodzalira itapita. Lamulo la mbewu la 2022 lilipo, nalonso bungwe loona za mankhwala ophera tizilombo lilipo ku Bvumbwe, koma onsewa akakufunsani kuti mudagula kwa yani. Mukayankha kuti "kwa nambala inayake ya pa WhatsApp", nkhani yathera pomwepo. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Kwa aboma ndili ndi mawu awa. Mukaona anthu akuthawira ku malonda a pa lamya, chiyeso chimakhala chakuti muwatsatire komweko ndi msonkho wina. Mu 2015 mudaika msonkho wa K10 pa K100 iliyonse pa mauthenga a pa lamya ndi pa intaneti. Mu 2019 mudafuna kudula K1 pa K100 iliyonse yotumizidwa pa lamya, anthu atakuwa mudabweza ganizolo. Kumbukirani kuti kuchokera pamene Airtel Money idayamba mu 2012 ndi Mpamba mu 2013, lamya ndiyo banki yokhayo imene mayi wa ku Kaphuka ali nayo pafupi. Wa m'tauni ali ndi njira zina. Wakumudzi mukamudula pa lamya mwamudula kawiri, chifukwa mtunda wamudula kale. Ndipo musanakweze msonkho pa katundu aliyense, tumizani munthu adzaime pa Lizulu tsiku la msika, aone mtengo wa katunduyo tsidya lina la msewu. Akadatero mu 2020, za mafuta ophikira zija sizikadachitika.

Chimene chingatikokere ku malonda a lisiti si chiopsezo ayi, koma kuti lisitilo likhale ndi mano. Lamulo loyendetsa malonda a pa makina a intaneti lidakhazikitsidwa mu 2016, ndipo bungwe la CFTC lilipo loti lizimva madandaulo a ogula. Koma ndi angati kuno amene akudziwa khomo lake? Mlimi atadziwa kuti ndi lisiti m'manja angathe kudandaula pa boma pomwepa, kapena pa lamya m'Chichewa, n'kubwezeredwa ndalama yake pasadathe mwezi, K17,500 ija angaione ngati chitetezo. Pakadali pano amaiona ngati chilango cha munthu womvera lamulo.

Palinso nzeru ina yakale imene tidaitaya. Malemu bambo anga ankaitanitsa katundu kuchokera kutali poona zithunzi m'kabuku. Phukusi linkafikira ku positi ofesi, iwo n'kulandira kakalata, n'kupita kukalipira pakauntala katunduyo ali pamaso pawo. Ndalama sinkatsogola. Nyumba za positi ofesi zikadalipo m'misika yambiri, zina zikungogona mileme chifukwa makalata adachepa. Bwanji zisakhale malo ofikira katundu wogula pa lamya, kuti munthu azitsegula katoni pamaso pa kalaliki, n'kulipira pokhapokha waona kuti n'chimene adaitanitsa? Wogulitsa wofuna kugwiritsa ntchito njira imeneyi angalembetse dzina ndi malo ake, ndipo a msonkho angamudziwe popanda kuthamangitsana naye. Ngati a positi sangathe, makopaletivu athu a alimi ali ndi nyumba zosungiramo katundu zimene zingagwire ntchito yomweyo.

Podikira zimenezo, ife a kalabu yathu ya kachewere tagwirizana zathu. Tisanatumize ndalama timalemba papepala mtengo wa pa lamya, ya wotumiza ndalama, ya kabaza, ya minibasi, ndi tsiku la ganyu limene litayike podikira, kenaka n'kuyerekeza ndi mtengo wa sitolo ya lisiti. Kawirikawiri kusiyana kumatsala kochepa zedi, nthawi zina sitolo ndiyo imatsika. Chachiwiri, sitigulanso aliyense payekha. Mwezi watha anthu 11 tidasonkhanitsa zofuna zathu, matayala, mabatire ndi malona, n'kufunsa mitengo pa lamya m'masitolo anayi. Titasankha, tidatuma munthu mmodzi ndi ndalama ya minibasi yosonkherana, atanyamula zitsulo zakale m'thumba kuti akayerekeze ndi maso. Mwini sitolo ataona kuchuluka kwa katundu adatsitsa mtengo yekha, lisiti n'kupereka. Lamya idagwira ntchito imene imaitha, yofunsa ndi kuyerekeza. Kunyamula tidasiyira munthu wa miyendo.

Njinga ija ikuyenda tsopano. Tcheni ndi sipuloketi za mnyamata wa pa WhatsApp zikadali pamsomali m'nkhokwe, zatsopano, mafuta ake osauma. Mdzukulu wanga akuti azijambule aziike pa Facebook. Ndamuuza kuti aike, koma alembe kuti wogula abwere ndi njinga yake adzayese yekha pa Bembeke tsiku la msika.